Mwana Akatsogolera Kuphunzira, Wamkulu Amachita Chiyani?

Ku Kasungu, monganso m'maboma ena, kholo limene latumiza mwana wa zaka zinayi ku sukulu ya mkombaphala limayembekezera kuti madzulo mwanayo alakatule zilembo, masiku a pa sabata ndi manambala m'Chingerezi, ndipo likamva kuti m'mawa wonse ana amaumba ng'ombe zadothi kapena kusanja zitsekerero za mabotolo, limadandaula kuti mlezi akungowatayitsa nthawi. Dandauloli siliyenera kupeputsidwa, pakuti makolo ndiwo amasonkha chimanga cha phala, kuumba njerwa ndi kufolera denga, motero ali ndi ufulu wofunsa phindu lake. Ofufuza za kakulidwe ka ana akhala akuyesa funso lomweli kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza zikusonyeza kuti mwana wamng'ono amaphunziradi bwino akamagwira ndi kusankha yekha, pokhapokha ngati pambali pake pali wamkulu wodziwa chimene akuchita.

Kuphunzira kotsogozedwa ndi mwana ndi dongosolo limene wamkulu amakonzeratu malo ndi zipangizo, koma mwana ndiye amasankha choyamba kugwira, nthawi yoti athere pa chinthucho ndiponso mnzake wochita naye. Kuphunzira pogwira ndi manja ndi pamene mwana amafika pa ganizo losaoneka ndi maso, monga tanthauzo la nambala 5, kudzera m'zinthu zimene atha kuzinyamula, kuzithira, kuzisanja ndi kuziyerekeza. Amene anatchukitsa njirazi ndi Maria Montessori, dokotala wa ku Italy, yemwe mu 1907 anatsegula nyumba ya ana m'dera la anthu osauka la San Lorenzo mumzinda wa Rome. Iye anaika pamodzi ana a misinkhu yosiyana, anawapatsa nthawi yaitali yosadukizidwa, ndipo anagwiritsa ntchito zipangizo zimene zimamuonetsa mwana kuti walakwitsa. Chimodzi mwa izo ndi thabwa la maenje khumi ndi timitengo khumi tosiyana kunenepa, limene mwana akalowetsa kamtengo kakang'ono m'dzenje lalikulu amatsala ndi kamtengo kosowa polowa, n'kubwerera yekha kukafufuza pamene panalakwika, mphunzitsi asananene kanthu.

Kutsimikiza kuti njira yotere imathandiza si ntchito yapafupi. Mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene ali mnyamata anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi buku la m'laibulale, imalimbikitsa mtima, koma munthu mmodzi sangakhale umboni, chifukwa palibe amene angadziwe mmene iye akanakhalira akanadzera njira ina. Mlimi wofuna kuyesa feteleza watsopano amagawa pawiri munda wa nthaka imodzi n'kuwokera mbande za nazale imodzi tsiku limodzi, kuti kusiyana kwa masamba kuchokere ku feteleza yekha. Ofufuza nawonso amagawa ana kapena sukulu mwa maere, kuti magulu afanane pa chuma cha makolo ndi pa zina zonse kupatula kaphunzitsidwe. Mu 2006 Angeline Lillard ndi Nicole Else-Quest anafalitsa zimene anapeza pa sukulu ya Montessori ku Milwaukee, ku America, imene inkalandira ana mwa maere. Ana a zaka zisanu amene maere anawagwera ankaposa anzawo otsala pa kuzindikira mawu olembedwa, pa masamu ndi pa luso lotsata lamulo latsopano masewera akasinthidwa pakati. Kafukufuku wofanana naye wa ku France, wofalitsidwa mu 2021, anapeza phindu pa kuwerenga kokha, ndipo pa masamu, pa kudziletsa ndi pa kakhalidwe ndi anzawo magulu awiriwo sanasiyane. Motero dzina lolembedwa pa chikwangwani cha sukulu silitsimikiza kanthu. Chofunika kufufuza ndi zimene zimachitika m'katimo.

Pa udindo wa wamkulu umboni uli wa mbali ziwiri. Mu 2011 Elizabeth Bonawitz ndi anzake anapatsa ana chidole cha mapaipi anayi chimene chinali ndi zobisika zingapo, monga kulira, kuyaka ndi kagalasi. Ana amene wamkulu anawauza kuti chidolecho chimagwira ntchito chonchi, n'kuwaonetsa kalizidwe kokha, anasewera nacho kanthawi kochepa ndipo anatulukira zochepa poyerekeza ndi amene wamkulu anachiliza ngati mwangozi n'kuwasiyira, chifukwa mwana akauzidwa ndi munthu amene amamukhulupirira amayesa kuti zimene wamvazo ndi zonse. Komabe m'chaka chomwecho Louis Alfieri ndi anzake, ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri, anapeza kuti ophunzira osiyidwa kuti adzitulukire zinthu popanda chithandizo amatsalira m'mbuyo mwa ophunzitsidwa mwachindunji, pamene othandizidwa ndi mafunso, zitsanzo ndi ndemanga amachita bwino koposa.

Pakati pa kuuza zonse ndi kulekerera pali masewera operekezedwa, ndiko kuti masewera amene mwana ali ndi ufulu wosankha ndi kuyesa koma wamkulu ali ndi cholinga m'mutu. Mwana akasanja nyemba ndi chimanga m'milu iwiri pa mphasa, mlezi amakhala pansi n'kufunsa kuti mulu wochuluka ndi uti, nanga wadziwa bwanji, kenako amadikira osathamangira kuyankha, mpaka mwanayo atayamba kuika nyemba imodzi moyang'anizana ndi njere imodzi ya chimanga kuti aone zotsala. Ofufuza a pa yunivesite ya Cambridge, ataunika kafukufuku 39 mu 2022, anapeza kuti njira imeneyi imaposa kuphunzitsa mwachindunji pa masamu oyambirira ndi pa kuzindikira maonekedwe a zinthu, koma pa kuwerenga sanaone kusiyana. Zimenezi n'zomveka, popeza liwu la chilembo ndi pangano la anthu limene mwana sangalipeze m'dothi kapena m'miyala, ndipo liyenera kunenedwa ndi munthu.

Zipangizo za mtengo wapatali sindizo zimabala luso. Robert Serpell, amene wagwira ntchito zaka zambiri pa yunivesite ya Zambia ndiponso pakati pa Achewa a ku Katete, anafalitsa mu 1979 zotsatira za kuyerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England pa ntchito yokopera chithunzi. Pogwiritsa ntchito waya, ana a ku Zambia, ozolowera kupinda magalimoto amawaya, anapambana. Pa pensulo ndi pepala anapambana a ku England. Pa zoumba magulu awiriwo anafanana. Luso la mwana limaonekera m'chinthu chimene manja ake anachizolowera, ndipo muyeso wobwera ndi zida zachilendo ungathe kumuonetsa ngati wotsalira pamene sali wotero. Vuto lomweli ndilo linachititsa Melissa Gladstone ndi anzake kupanga muyeso wa kakulidwe ka ana wogwirizana ndi moyo wa m'midzi ya Malawi, wodziwika ndi dzina lakuti MDAT, umene anaufalitsa mu 2010. Umboni wakuti zipangizo zosakwera mtengo zimakwanira ukuonekanso ku Kingston, ku Jamaica, kumene ana opinimbira amene kuyambira mu 1986 ankayenderedwa pakhomo sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, azaumoyo akuonetsa amayi awo kusewera nawo ndi zidole zopangidwa pakhomo, anapezeka patapita zaka 20 akulandira ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 alionse kuposa anzawo amene sanayenderedwe.

Umboni wa kuno kwathu ndiwo wofunika kuulingalira kwambiri. Ana ambiri a kumudzi amene amapita ku mkombaphala amapita ku malo osamalirako ana oyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi, otchedwa CBCC, kumene alezi ambiri ndi odzipereka osalandira malipiro. Berk Özler ndi anzake, mothandizidwa ndi World Bank, anagawa mwa maere malo otere 199 a ku Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo m'magulu anayi. Gulu loyamba linalandira zoseweretsa ndi zophunzirira zokha. Lachiwiri linawonjezeredwa maphunziro a alezi ndi alangizi owayendera. Lachitatu linawonjezeredwanso kandalama ka mwezi ndi mwezi kwa alezi. Ndipo lachinayi, m'malo mwa kandalamako, linali ndi misonkhano yophunzitsa makolo kucheza, kusewera ndi kuwerenga ndi ana awo. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2018, zinasonyeza kuti maphunziro a alezi anasintha kaphunzitsidwe m'kalasi, koma patatha miyezi 18 ana amene anapita patsogolo pa chiyankhulo ndi pa kakhalidwe anali a gulu limene makolo nawonso anaphunzitsidwa. Patatha miyezi 36, ana ambiri atalowa ku pulayimale, kusiyana konse kunali kutazimiririka.

Kuzimiririka kotere kumaoneka kawirikawiri m'kafukufuku wa ana aang'ono, ndipo sikutanthauza kuti ntchito yonse inapita pachabe. Pa sukulu ya Perry ku Ypsilanti, ku America, kumene ana 123 anayamba kutsatidwa m'zaka za m'ma 1960, phindu la pa mayeso a nzeru linatha patapita zaka zochepa, komabe atakula amene anadzera m'sukuluyo ankapeza ndalama zambiri ndipo sankamangidwa kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo. Ngakhale zili tero, phunziro la ku Malawi ndi lomveka: mwana wozolowera kusankha, kufunsa ndi kugwira akalowa Sitandade 1 yodzaza mpaka pakhomo, kumene mphunzitsi mmodzi sangachitire mwina koma kuwayimbitsa onse yankho limodzi, zimene anapeza ku mkombaphala zimasowa pomera.

Ku zigwa za fodya za Kasungu nkhaniyi ili ndi mbali ina yofunika kuisamala. Nyengo yothyola, kusoka ndi kuyanika fodya m'zigafa imagwa m'miyezi yomwe nkhokwe zambiri zimakhala zopanda kanthu, ndipo kusankha magiredi ndi kudinda mabelo opita ku msika wa Chinkhoma kumadya nthawi ya akulu onse a pakhomo, kuphatikizapo alezi odzipereka, amene nawonso ndi alimi. Phala likasowa ana amaleka kubwera, ndipo ambiri amathera tsiku pansi pa chigafa. Pamenepo n'kosavuta kunena kuti mwana wosanja masamba akuphunzira ndi manja, koma ntchito ya fodya ilibe chimodzi mwa zizindikiro za kuphunzira kotsogozedwa ndi mwana: iye sasankha, saloledwa kulakwitsa, ndipo sangaleke akatopa. Kuwonjezera apo, tsamba laliwisi, makamaka lonyowa, limalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu n'kuyambitsa nseru, chizungulire ndi mutu, ndipo malamulo a ntchito a dziko lino amaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Luso lomwelo losiyanitsa mitundu ndi kukula kwa zinthu mwana atha kulipeza pa zisononkho, pa miyala, pa masanje ndi pa bawo popanda ngozi iliyonse.

Choncho kholo kapena komiti ya CBCC yofuna kudziwa ngati ana akuphunzira iyenera kuona ngati zipangizo zili m'manja mwa ana kapena zatsekeredwa m'bokosi kuopa kuwonongeka, ngati mlezi amafika pa msinkhu wa mwana n'kufunsa funso lofuna maganizo, ngati ana amayankhula m'chinenero cha kwawo kuposa mmene amabwerezera mawu a mlezi, ndiponso ngati pali nthawi yochepa yophunzitsa maliwu a zilembo mwachindunji. Ndalama zikakhala zochepa, umboni wa m'maboma anayi aja ukulozera kuti ziyambe kupita ku maphunziro a alezi pamodzi ndi misonkhano ya makolo, ndipo boma ndi mabungwe azikonza mkombaphala ndi makalasi oyambirira a pulayimale ngati ntchito imodzi.