Ku Kyoto foni inandichititsa manyazi

Inu amene mumachezera pa Instagram ndi TikTok, chithunzi ichi munachionapo ngakhale dzina la malowo simukulidziwa: kanjira kopapatiza kokutidwa ndi zipata zofiira zondondozana ngati mphanga, munthu ataima pakati, akuyang'ana kumbali ngati sakudziwa kuti akumujambula. Malowo ndi Fushimi Inari Taisha, kachisi wa chipembedzo cha Shinto kumwera kwa mzinda wa Kyoto ku Japan. Ndisaname, chomwe chinandidzutsa m'mamawa tsikulo chinali chithunzi chimenechi. Zoti kumeneko anthu amapemphera sizinali m'mutu mwanga olo pang'ono.

Kuchoka pa Kyoto Station, sitima ya JR imatenga mphindi ngati zisanu kufika pa siteshoni ya Inari, ndipo ukangotuluka chipata chachikulu chili pomwepo. Palibe kulipira, palibenso nthawi yotseka. Mbiri imati kachisiyu anayamba m'chaka cha 711, mfumu ya Japan isanasamukire ku Kyoto mu 794. Inari ndi mulungu wa mpunga, ndiye poti kale chuma cha dzikolo chinkayezedwa ndi mpunga, lero amalonda nawo amamutenga ngati wawo. Paliponse pali ziboliboli za nkhandwe zitavala kansalu kofiira m'khosi. Nkhandweyo si mulungu ayi, ndi mthenga chabe, ndipo zina zaluma kiyi wa nkhokwe ya mpunga.

Zipata zija amati torii, ndipo zilipo pafupifupi 10,000 kukwera phiri lonse la Inari, lomwe ndi lotalika mamita 233. Ukamakwera umangoona kufiira kokhakokha. Koma tatembenuka uyang'ane kumbuyo: chipata chilichonse chili ndi zilembo zakuda, mbali ina dzina la munthu kapena kampani yomwe inachipereka, mbali ina tsiku lake. Wina anapempha kuti bizinesi iyende, wina akuthokoza kuti inayenda. Ndiye kuti zomwe ife timaima kutsogolo kwake n'kumati "tajambulanso, ndinatsinzina" ndi nsembe za anthu.

Kumunsi anthu amachita kupanikizana, aliyense foni m'mwamba, kudikira kuti mnzake achoke m'chithunzi. Ambiri amabwerera akangopeza chomwe amafuna, ena amafika pa Yotsutsuji pomwe mzinda umaonekera bwino. Ine ndinapitirira, osati chifukwa cha uzimu, ndimangofuna malo opanda anthu. Kumtundako kuli zii. Kuli timaguwa tamiyala tambirimbiri tothinana, tina tomera ndere, tomwe mabanja ndi magulu anaimika okha. Ndinapeza kena kokongola, kuwala kukugwa bwino pakati pa mitengo, ndipo panali mwala wafulati wokwanira kutsamiritsapo foni. Ndinaiika pamenepo, n'kutchera timer, n'kuthamangira kukaima. Ndinabwereza kanayi.

Nditatembenuka ndinaona agogo ena aakazi ataima chapatali ndi kachikwama m'manja. Kaya anaima nthawi yaitali bwanji. Sanakalipe, sanatsokomole n'komwe. Nditachotsa foni anayandikira, anatulutsa kansalu n'kupukuta mwala uja bwinobwino, pamalo penipeni pomwe panali foni yanga. Kenako anaikapo mpunga pang'ono, mchere ndi kabotolo ka mowa wa sake, n'kuyatsa kandulo. Anawerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, kukhala chete, n'kuweramanso kamodzi.

Abale, manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze bwino. Foni yanga inali itakhala poikapo nsembe.

Chomwe chinandilasa kwambiri ndi kuomba m'manja kuja. Tonse tinamvapo kwa akuluakulu momwe makolo athu ankathirira nsembe ya ufa kapena mowa patsinde pa mtengo, akuomba m'manja poyankhula ndi mizimu. Ku Khulubvi ku Nsanje, ku kachisi wa Mbona, sindingayerekeze kufika n'kutsamiritsa foni pomwe ndafuna, ndipo mlendo atatero ndingakhale woyamba kunena kuti ndi wamwano. Nanga bwanji kwa eni ake ndinaona ngati ndi studio? Ndikuganiza kuti n'chifukwa ndinayamba kuwaona malowo pa foni ndisanafikeko, ndiye m'maso mwanga anali atasanduka kale pojambulira.

Wina afunsa kuti nanga iwe Mkhristu unaweramanso? Ayi, sindinawerame ndipo sindinaombe m'manja. Palibe amene amakukakamiza. Chomwe ndinachita ndi kupatuka, kuika foni m'thumba, ndi kudikira agogowo amalize. Podutsa anandigwedezera mutu pang'ono, ine n'kunena "sumimasen", mawu opepesera omwe ndinali nditaloweza kuti ndizigwiritsa ntchito m'sitima.

Kuyambira pamenepo mzinda ndinauona mwina. Ku Gion, dera lakale la ma geiko ndi ma maiko, atsikana ophunzira luso la kuvina ndi kusangalatsa alendo, kuli zikwangwani zoletsa kujambula m'tinjira ta eni ake, ndipo chindapusa chake ndi 10,000 yen. Lamuloli linayamba mu 2019 anthu a m'deralo atatopa ndi alendo othamangitsa atsikanawa ndi makamera, ena mpaka kuwakoka kimono. Ndikanaziona dzulo lake ndikanati Ajapani akuwonjeza. Tsiku limenelo ndinangomva kuti chikwangwanicho akunena ine.

Ku Kiyomizu-dera, kachisi wa Chibuda yemwe khonde lake lalikulu lamatabwa linamangidwa mu 1633 popanda msomali, ndinaima kaye kumbuyo kuonera anthu ali pamzere womwa madzi a Otowa, omwe amagwa m'mipopi itatu. Ku Kinkaku-ji, nyumba yokutidwa ndi golide ija, sindinakhalitse. Ndi yokongola zedi, koma khamu limakukankha ngati uli pa depoti, ndipo aliyense amajambula chithunzi chimodzimodzi ataima pamalo amodzimodzi. Ochepa ndi amene amadziwa kuti nyumba yomwe akujambulayo ndi ya 1955. Yakale inatenthedwa mu 1950 ndi mnyamata yemwe ankaphunzira unsembe pakachisi pomwepo.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti foni ndi tchimo. Popanda Google Maps bwenzi ndikadali kuzungulira m'siteshoni ya Kyoto mpaka lero, ndipo zikwangwani zambiri ndinaziwerenga ndi kamera yomasulira. Ngakhale Ajapani eni ake amajambula, kwambirinso. Kusiyana kwake, ambiri mwa iwo amayamba asamba m'manja pachitsime cha pakhomo, kuponya kandalama ka 5 yen m'bokosi, kupemphera, kenako ndiye foni. Pomwe palembedwa kuti osajambula, monga m'kati mwa nyumba zambiri zopemphereramo, sajambula, ngakhale palibe mlonda.

Madzulo ndinamalizira ku Ryoan-ji, kachisi wa Zen yemwe ali m'gulu la malo 17 a Kyoto ndi madera oyandikana nawo omwe UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1994. Ukavula nsapato umakhala pakhonde n'kumayang'ana bwalo la timiyala toyera topalidwa mizere, momwe muli miyala ikuluikulu 15. Inaikidwa mwakuti ukakhala pakhondepo, umodzi umabisala kuseri kwa unzake. Mnyamata wina pafupi nane anayesa panorama, anayesa kuimika foni m'mwamba, anasuntha uku ndi uku, kenako anangoseka n'kukhala pansi. Ine ndinawerenga ndi chala, 14. Ndinasunthira kumapeto kwa khonde n'kuwerenganso, 14. Chithunzi cha paguwa chija chikadali m'foni, ndinatuluka bwino ndithu, koma sindinachiike pa status.