Kodi kompyuta imathandiza liti pa maphunziro a ukachenjede?

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ine ndinali ku sekondale, ndipo ndinabwerera kwathu ku Makawa, m'boma la Mangochi. Achemwali anga, amene anali ku koleji, anauzidwa kuti apitirize maphunziro pa foni. Ndinkawaona akuyenda ulendo wotchajitsa foni kumsika, kenako bandulo n'kutha vidiyo ya phunziro isanafike pakati. Sukulu itatsegulidwa anapeza kuti anzawo a m'tauni ali patsogolo kwambiri. Lero ndikuphunzira zauphunzitsi, ndipo funso limene ndinalisunga ndi ili: chimafunika n'chiyani kuti kuphunzitsa pogwiritsa ntchito kompyuta kuyende bwino?

Choyamba ndi magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zimawunikira ndi magetsi. Ngakhale amene ali nawo sangawadalire nthawi zonse. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunatenga nthawi yoposa chaka. Choncho koleji imene ikugula makompyuta iyambe yawerengera sola ndi mabatire. Kunyanja kuno dzuwa silisowa.

Chachiwiri ndi kukula kwa phunziro lenilenilo. Vidiyo ya ola limodzi imadya bandulo imene ikanatsitsa manotsi olembedwa ochuluka zedi. Ophunzira ambirife tilibe laputopu. Tili ndi foni yaing'ono, mwinanso yobwereka. Mphunzitsi wodziwa zimenezi amadula phunziro m'zidutswa zifupizifupi, amajambula mawu okha m'malo mwa vidiyo, ndipo amalola kuti wophunzira atsitse fayilo kamodzi n'kumaiwerenga ngakhale netiweki itasowa. Moodle, pulogalamu yaulere imene anayambitsa Martin Dougiamas wa ku Australia mu 2002, imalola zimenezi pa foni. Koleji ingathenso kuiika pa kompyuta yake yaikulu kuti ophunzira a pasukulupo alowemo osagula bandulo.

Chachitatu, chimene ndikuona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ndi mphunzitsi. Kujambula manotsi akale n'kuwaponya pa gulu la WhatsApp sikusintha kanthu. Wophunzira amangokopera monga ankachitira pa bolodi. Kompyuta imathandiza pamene ikuchita zimene choko sichingathe. Taganizani za kalasi ya anthu 150. Mphunzitsi akapereka mafunso khumi pa Moodle Lachiwiri madzulo, makina amachonga okha, ndipo Lachitatu m'mawa amalowa m'kalasi akudziwa kuti funso lachisanu ndi chiwiri lagwetsa anthu ambiri. Amayambira pamenepo. Wophunzira wamanyazi amene sakweza dzanja nayenso waoneka. Koma luso limeneli silibwera lokha. Aphunzitsi amafunika kuphunzitsidwa, kupatsidwa nthawi yokonzera maphunziro, ndiponso kukhala ndi katswiri woti amuitane makina akavuta. Chipinda chodzaza makompyuta chopanda munthu wozikonza chimasanduka nkhokwe ya fumbi pakangopita chaka.

Mangochi ili ndi zifukwa zake zofunira zimenezi. Ophunzira zaudokotala a Kamuzu University of Health Sciences amabwera kudzaphunzira zaumoyo wa anthu m'midzi ya kuno, kutali ndi aphunzitsi awo ena a ku Blantyre. Ku Mpwepwe kuli koleji ya zausodzi, ndipo m'bomali mulinso yunivesite ya DMI St John the Baptist. Mnyamata wa ku Makanjira kapena mphunzitsi wa pulayimale wa ku Namwera amene akufuna digiri sangasiye banja ndi ntchito zaka zinayi. Maphunziro a pa kompyuta okonzedwa bwino angamufupikitsire mtunda. Okonzedwa mosasamala amangomudyera fizi.

Chitsanzo chabwino chili ku pulayimale. Kuyambira 2023 Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukugawa matabuleti kudzera mu pulogalamu ya BEFIT kuti ana a makalasi oyambirira aphunzire kuwerenga ndi masamu. Matabuletiwa amatchajidwa ndi sola, amagwira ntchito popanda intaneti, ndipo amalankhula Chichewa. Okonza ake anayamba ayang'ana mmene mwana wa kumudzi akukhalira, kenako n'kusankha chida. Makoleji athu atengerepo phunziro.

Chomaliza chili kwa ife ophunzira. Foni imene ili ndi manotsi ndi yomweyo imene ili ndi Facebook ndi TikTok, ndipo kukopera ntchito ya mnzako sikunaphwekepo ngati lero. Palibe makina amene angamuwerengere munthu. Anzanga amene tikukonzekera kukagwira choko, tisanatumize phunziro lililonse pa foni tizidzifunsa kaye ngati mwana wa ku Makawa, wokhala ndi foni yobwereka ndi bandulo ya tsiku limodzi, angathe kulitsegula.