NYALI ZITATU, CITHUNZI CIMODZI

Ife amene tinakulira kufupi ndi Mishoni ya Mpanshya sitiiwala usiku umene Abambo anali kutionetsa kanema. Anyamata anali kumanga nsalu yoyera pa mitengo iwiri, jenereta ndi kuyamba kulira, kuwala ndi kucoka m'kabokosi kukagwa pa nsaluyo. Mphepo ikaomba nsalu inali kufufuma, nkhope ya Pilato ndi kupotoka, ife ana ndi kugwa nako kuseka. Sitinadziwe kuti kupotoka kumene tinali kusekako ndi vuto lalikulu kwa iwo amene aphunzitsa oyendetsa ndege, pakuti kumeneko cithunzi cikanama, miyoyo ya anthu iri pangozi.

Ndege yosacoka pansi

Owerenga okondedwa, oyendetsa ndege zija ziuluka pamwamba pa mapiri athu a Rufunsa saphunzirira zonse m'mlengalenga. Zambiri aphunzirira m'makina ochedwa simyuleta. Ici ndi cipinda copangidwa ndendende ngati ca kutsogolo kwa ndege, ndipo zazikulu zake ziima pa miyendo isanu ndi umodzi imene ipendeketsa cipindaco monga icitira ndege. Woyamba kuchuka ndi makina otere anali Edwin Link wa ku America m'caka ca 1929. Atate ake anali kupanga malimba onga a m'chalichi, ndipo iye anatenga mivukuto ya malimbawo kuti izigwedeza kandege kake.

Koma woyendetsa afunikanso kuona kunja: mitambo, mapiri, ndi msewu woterapo ndege. Maso a munthu sapenya kutsogolo kokha, aonanso za m'mbali. Ndico cifukwa cake cinsalu cimakhala cokhota, cozinga cipinda monga mpanda uzinga khola, madigiri 180 kapena kupitirira. Purojekita imodzi singadzaze cinsalu cotere. Kawirikawiri amaika zitatu. Nzeru imeneyi si ya lero: Fred Waller anagwiritsa nchito mapurojekita asanu pophunzitsa asilikali pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, ndipo mu 1952 anaonetsa kanema wa mapurojekita atatu ku New York.

Nchito iri pa msoko

Telala aliyense adziwa kuti ubwino wa malaya uli pa msoko. Cimodzimodzi pano. Purojekita inapangidwira khoma loongoka. Ikawalira pa cinsalu cokhota, mzere woongoka ukhala ngati uta. Tsono mmisiri ayamba waonetsa mizere yopingasana ngati ukonde, nakhala pa mpando weniweni wa woyendetsa, nakonza mizereyo pa kompyuta kufikira itaongoka m'maso mwake. Ndiko kuti kompyuta ipotoza cithunzi dala kuti cikafika pa cinsalu cioneke coona. Masiku ano makamera athandiza pa nchitoyi.

Caciwiri, zithunzi zitatuzo sizingogundana m'mphepete ai, zilowana pang'ono. Koma pamene nyali ziwiri ziwalira pamodzi pabadwa mzere wowala koposa. Mankhwala ake ndi awa: purojekita iriyonse icepetsa kuwala kwake pang'onopang'ono pofika m'dera la inzake, kotero kuti kuwala kwa ziwirizo kukaphatikizana kulingana ndi kwina konse. Mitundu nayo iyenera kugwirizana, kuti thambo lisakhale lobiriwira kuno ndi lotuwa uko. Cobvuta koposa ndi usiku, popeza purojekita sitha kupereka mdima weniweni, ndipo msoko uonekera ngati nkhungu. Pomaliza, zonse zitatu ziyenera kusintha cithunzi pa kamphindi kamodzi. Imodzi ikacedwa, dziko lioneka long'ambika, ndipo wophunzira acita cizungulire.

Panali vuto linanso. Oyendetsa amakhala awiri, wina kumanzere wina kumanja, ndipo pa cinsalu capafupi aliyense aona msewu woterapo utapendekera kwina. Mu 1982 kampani ya Rediffusion ya ku Britain inabweretsa kalilole wamkulu wokhota. Oyendetsa apenya cithunzi kudzera m'kalilolemo, ndipo cioneka ngati ciri kutali zedi, cofanana kwa onse awiri.

Cifukwa ninji khama lonseli?

Ife a Zambia tidziwa yankho lake ndi misozi. Pa 27 April 1993, ndege ya Buffalo yonyamula timu yathu ya mpira inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. Lipoti la boma la Gabon la mu 2003 linati injini ya kumanzere inagwira moto, ndipo woyendetsa, ali wotopa, anazimitsa ya kumanja imene inali yamoyo. Sitiweruza akufa, agone mu mtendere kuja ku Heroes' Acre. Koma tiphunzirapo kuti pa ora la ngozi nthawi yoganiza icepa, ndipo dzanja licita cimene linazolowera.

M'simyuleta mphunzitsi angathe kuzima injini usiku, kutsitsa nkhungu, kubweretsa mkuntho, kakhumi konse, popanda maliro. Ngakhale oyendetsa okalamba pa nchito abwererako nthawi ndi nthawi kukayesedwa. Koma zonsezi zithandiza pokhapo ngati cimene maso aona ndi coona. Cithunzi cokhota ciphunzitsa dzanja lokhota.

Za kwathu

Inu makolo, mwana akakonda masamu ndi kumasula mawailesi, musamuseke. Ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kwa anansi athu a ku Chongwe, kuli sukulu ya ZASTI imene iphunzitsa nchito za ndege, ndipo pakati pa nchitozo pali za amisiri amene sauluka koma asunga ouluka.

Kwa ine, cimene candikhudza ndi msoko uja. Ana athu aphunzira moyo poona cithunzi cimene atate, amai ndi Mpingo tiwaonetsa. Aliyense wa ife ali ndi mbali yake yowalitsa. Atate akanena cina, amai cina, ku Mphakati cinanso, mwana aona dziko long'ambika, ndipo pa tsiku la mayesero dzanja lake lisokera. Pamene tikumana, wina acepeko kuti mnzake aoneke. Tikatero mwana sadzaona nyali zitatu, koma cithunzi cimodzi.

Tiwapempherere onse a paulendo, ndi iwo amene awayendetsa.