Mbendera zitatu zofanana: loto la Bolívar lomwe linasweka

Ngati mumaonera mpira wa ku South America, mwina munadabwapo kuti mbendera za Colombia, Ecuador ndi Venezuela zimafanana: chikasu pamwamba, buluu pakati, kufiira m'munsi. Sikuti anakoperana ayi. Mayikowa, pamodzi ndi Panama, anali dziko limodzi.

Mu 1819, nkhondo yopirikitsa atsamunda a ku Spain ili mkati, msonkhano wa ku Angostura unakhazikitsa dziko lomwe lero timalitcha Gran Colombia, mtsogoleri wake ali Simón Bolívar. Likulu linadzakhala Bogotá. Bolívar ankaona kuti anthuwa amayankhula chinenero chimodzi, amapemphera mpingo umodzi, mdani wawonso ndi mmodzi. Akagawikana, mayiko amphamvu azidzangowatola mmodzimmodzi.

Loto lake silinathere pomwepo. Mu 1826 anaitanitsa msonkhano ku Panama, wofuna kumanga mgwirizano wa mayiko omwe anali atangomasuka. Kunabwera nthumwi za Mexico, Peru, Central America ndi Gran Colombia, koma pangano lomwe anasainirana linavomerezedwa ndi Gran Colombia yokha.

Kumudzi nako zinthu zinali zitayamba kuvuta. Chifukwa cha mapiri a Andes, kalata yochoka ku Caracas inkatenga masabata kuti ifike ku Bogotá. Boma linali m'ngongole zankhondo. Anthu a ku Venezuela ankadandaula kuti akulamulidwa ndi anthu akutali, moti mu 1826 mkulu wa asilikali, José Antonio Páez, anagalukira boma. Bolívar anadananso ndi wachiwiri wake, Francisco de Paula Santander. Mu 1828 anadzitengera mphamvu zonse, ndipo usiku wina mu September adani anamulowera kuti amuphe. Anapulumukira pawindo, chibwenzi chake Manuela Sáenz akuwachedwetsa achiwembuwo.

Mu 1830 Venezuela ndi Ecuador zinatuluka m'chitaganyacho. Bolívar anamwalira pa 17 December chaka chomwecho, pafupi ndi Santa Marta, ali ndi zaka 47 zokha. Panama inachoka ku Colombia mu 1903.

Lero mlatho wolumikiza Colombia ndi Venezuela pafupi ndi mzinda wa Cúcuta umatchedwa dzina la Bolívar. Anthu ambirimbiri othawa mavuto a zachuma ku Venezuela adutsa pamenepo wapansi, katundu kumutu, ana kumsana. Tsidya linalo amafunsidwa mapepala, chonsecho makolo awo akale anali nzika za dziko limodzi.