PARYS, MUDZI WA PA MTSINJE WA VAAL

Ife amene tinadza ku Joni kudzafuna nchito tidziwa migodi, makomponi ndi masiteshoni, koma malo amene eni dziko amapumulirako ambiri a ife sitinawaone. Lero tifuna kuuza awerengi athu za Parys, mudzi waung'ono wa m'dziko la Free State, pa gombe la mtsinje wa Vaal, ulendo wa makilomita ngati 120 kucokera ku Johannesburg.

Mudziwo unayamba m'caka ca 1876, pamene anagawa malo a nyumba pa famu ya Klipspruit. Mabunu a kumeneko anatopa ndi ulendo wa ngolo wonka ku Kroonstad kukapemphera, nafuna chalichi cao capafupi. Mpingo wace ndiwo uja wa Dutch Reformed wa ku Free State, umene unatuma amishoni ku Magwero, kufupi ndi Chipata, m'caka ca 1899. Amene anapatsa mudziwo dzina ndiye Schilbach, Mjeremani woyesa malo. Akuti mtsinjewo unamkumbutsa mzinda wa Paris ku France. Tiyesa munthuyo anali ndi maso okoma mtima, pakuti Parys ndi mudzi wa miseu yowerengeka. Golide atapezeka ku Rand mu 1886, ngolo zambiri zinayamba kupita pamenepo; njanji inafika mu 1905, ndipo alendo ofuna kupuma anatsata.

Koma cinthu cacikuru ca Parys ndi mapiri ace. Anthu ophunzira za miyala atiuza kuti zaka zoposa mamiliyoni 2,000 zapitazo mwala wocokera kumwamba, waukuru makilomita 10 kapena kuposa, unagwa m'dziko limenelo. Dzenje lace linali lalikuru koposa maenje onse otere odziwika pa dziko lapansi. Mvula ndi mphepo zalifafaniza, koma atsala mapiri ozungulira ngati mkombero wa nkhokwe, ochedwa Vredefort Dome, amene a UNESCO anawalemba mu 2005 pakati pa malo osungidwira anthu a mitundu yonse. Tsono mverani ici, inu a m'migodi: ophunzirawo ati kugwa kwa mwalawo kunapendeketsa miyala ya golide ndi kuikwirira pansi, kotero kuti madzi sanaikokolole. Golide amene anakoka makolo athu kucokera ku Dowa, ku Ncheu ndi ku Angonia anasungika cifukwa ca mwala umenewo. Kodi si koyenera kuti mwana wa munthu wa mu mgodi akaone malowo ndi maso ace?

Kale sikunali kotheka. Lamulo la mu 1953 linapatula malo ocezera a Azungu ndi a anthu akuda, ndipo linathetsedwa mu 1990. Anthu akuda a ku Parys, amene anali kuphikira ndi kucapira alendo, anali kugona ku lokeshoni ya Tumahole. Kumeneko, mu July 1984, anthu anayenda m'miseu kukana kukwera kwa lendi ya nyumba, masabata owerengeka cipolowe ca ku Sharpeville ndi Sebokeng cisanabuke. Wonka ku Parys osaponda Tumahole waona theka la mudzi.

Zokondweretsa mlendo zilipo. Pali mlatho wa zingwe wa mu 1919 woolokera ku cisumbu, umene umagwedezeka munthu akamayendapo. Ena amawedza nsomba zacikasu za mu Vaal, ena amatsika m'mathithi ndi mabwato a mphira, ena angoyenda mu Breë Street kuona masitolo a katundu wakale, kumene mpando wothyoka ugulidwa mtengo woposa watsopano!

Cenjezo lathu ndi ili: madzi a Vaal musamwe, pakuti zonyansa za m'matauni a kumtunda zalowamo kawiri kawiri. Ndiponso akatsegula zitseko za Vaal Dam nyengo ya dzinja mtsinje umadzala msanga, ndipo mwala umene munakhalapo m'mawa umamira madzulo. Ana asasewere okha pa gombe.