Chimwemwe Chimene Madzi Sangakokolole

Ana inu a kuno kuchigwa, mavuto mukuwadziwa. Makolo anu amakumbukira madzi osefukira a chaka cha 2015, ndipo ambiri a inu munaona namondwe Freddy m'chaka cha 2023, pamene Shire ndi Ruo anameza minda ndi nyumba. Kodi munthu wotaya zake zonse angathe kukondweranso? Tamverani mbiri ya anthu ena amene analira m'dziko lathu lino.

M'chaka cha 1861 Bishopu Charles Mackenzie anakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi David Livingstone. Anamasula akapolo panjira, nakakhala nawo ku Magomero. Mu Januwale 1862 Bishopu anatsikira ku mathiriro a Ruo kukachingamira mlongo wake Anne, amene analikudza kudzamthandiza. Koma bwato linagubuduzika, ndipo mankhwala a malungo anatayika m'madzi. Malungo anamgwira, namwalira pa 31 Januwale, kufupi ndi Chiromo. Mlongo wake pofika anamva kuti amuika kale m'manda.

Otsalawo anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa. Kumeneko mvula inakana, njala inakula, ndipo anthu ambiri a m'midzi anafa. Mbusa Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson anamwaliranso komweko m'chaka cha 1863. M'chaka cha 1864 mishoni inapita ku Zanzibar. Pamaso pa anthu ntchito yonse inali itafa.

Nanga chikhulupiriro chinawathandiza bwanji? Choyamba, sichinawaletse kulira. Ambuye Yesu mwini anakhetsa misozi pa manda a bwenzi lake Lazaro. Chifukwa chake Mkristu sachita manyazi kuuza Mulungu zowawa zake zonse m'pemphero. Chilonda chobisa chimanyeka, koma chilonda choonetsa kwa sing'anga chimapola.

Chachiwiri, chikhulupiriro chimatipatsa abale. Taonani pamaliro: Akristu amagona pasiwa, naimba usiku wonse, amayi amatunga madzi, abambo amakumba manda. Wamasiye saiwala imfa chifukwa cha nyimbozo, koma amadziwa kuti sanasiyidwe yekha. Katundu wosenza anthu ambiri salemera ngati wosenza mmodzi.

Chachitatu, chimatipatsa ntchito. Anne Mackenzie sanakhale pansi m'chisoni masiku ake onse. Atabwerera kwawo, anasonkhanitsa ndalama za mishoni pakati pa Azulu, yokumbukira mlongo wake. Mtima wosweka umayamba kuchira pamene manja ayamba kuthandiza ena.

Chachinayi, chimatipatsa chiyembekezo. Mishoni ija inabweranso, nikhazikika pa chilumba cha Likoma m'chaka cha 1885, ndipo mpingo umene unaoneka wakufa uli ndi moyo m'Malawi kufikira lero. Mackenzie sanaone zipatso zimenezi ndi maso ake. Momwemonso ife sitiona nthawi zonse chimene Mulungu alikuchita, koma tidziwa kuti Yesu anauka kwa akufa, ndi kuti manda si mathero.

Tsono zindikirani kusiyana kwa kuseka ndi chimwemwe. Kuseka kumadza pamene nkhokwe yadzala mapira, ndipo kumathawa pamene njala yafika. Chimwemwe cha Mkristu chimachokera m'kudziwa kuti Mulungu amamkonda, chotero chimakhala pamodzi ndi misozi mumtima umodzi. Paulo ndi Sila anaimbira Mulungu m'ndende ya ku Filipi, misana yawo ili ndi mabala.

Inu mukudziwa kuti madzi a Shire akaphwera, amasiya dothi lachonde m'madimba, m'mene amayi anu amabzala chimanga ndi mbatata. Chigumula si chinthu chabwino, ndipo sitichiyamika; koma Mulungu amatha kumeretsa chakudya pamene panapita madzi.

Ngati m'kalasi mwanu muli mnzanu amene wataya mayi kapena nyumba, musamuuze kuti aleke kulira. Khalani naye pafupi, mugawireni mbatata yanu, ndipo mupemphere naye. Kapena Mulungu adzayamba kumchiritsa ndi manja anu aang'onowo.