Bwaila, chipatala chimene mzinda wa Lilongwe sunathe kuchisiya

Chipatala cha Bwaila chili ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, kum'mawa kwa mtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi msika waukulu komanso dipoti ya mabasi. Ndi cha boma, chili m'manja mwa ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe, ndipo odwala salipira. Chimatchuka kwambiri pa nkhani ya uchembere: ana obadwira pamalopa amapitirira 15,000 pa chaka, kutanthauza kuti pa tsiku pamabadwa ana oposa 40. Ndi zipatala zochepa m'chigawo chino cha Africa zimene zimachiritsa amayi ochuluka chonchi. Anthu achikulire, ngakhalenso makondakitala a minibasi, amachitchulabe ndi dzina lake lakale lakuti Bottom.

Dzinali ndi la nthawi ya atsamunda. Lilongwe anayamba ngati boma laling'ono kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anayamba kukula m'ma 1920 pamene ulimi wa fodya wakuda unafalikira m'chigawo chapakati ndipo amalonda achimwenye anatsegula masitolo. Mtsinje ndi umene unagawa tauniyo. Azungu ndi maofesi awo anali kumtunda, kutsidya la kumadzulo, pamene masitolo, msika ndi anthu akuda anali kutsidya la kum'mawa. Zipatala nazo zinatsata malire omwewo. Cha azungu ankachitcha Top, ndipo cha eni nthaka, chimene chinamangidwa m'zaka za m'ma 1930, chinakhala Bottom. Anachimanga moganizira katauni ka anthu masauzande ochepa ndi midzi yozungulira. Lilongwe anapatsidwa ulemu wokhala tauni mu 1947, ndipo ngakhale pa kalembera wa 1966, dziko litalandira kale ufulu, anthu ake sankafika 20,000.

Zinthu zinasintha boma la Dr Hastings Kamuzu Banda litaganiza zochotsa likulu ku Zomba. Ntchito yomanga mzinda watsopano inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, likulu linasamuka mu 1975, ndipo mu 1977 chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chinatsegulidwa. Wina akanayesa kuti Bottom yatha ntchito. Sizinatero, chifukwa chipatala chatsopanocho sichinatenge mbali zonse. Ntchito yochiritsa amayi inatsala ku Old Town, pamodzi ndi odwala chifuwa chachikulu ndi odwala matenda a m'mutu. Kwa zaka zoposa 30 zotsatira, mayi wa boma la Lilongwe amene uchembere wamuvuta, komanso wotumizidwa kuchokera m'maboma ena a chigawo chapakati, ankafikira m'nyumba zakale za atsamunda zija.

Pa nthawi yomweyo mzinda unkakula mothamanga. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 99,000, wa 1987 anapeza oposa 220,000, wa 1998 anapeza 440,000 ndi kanthu, wa 2008 anapeza pafupifupi 670,000, ndipo pofika 2018 anthu a mumzinda wokhawu anali pafupifupi 1 miliyoni. Okonza mapulani a likulu anayala mzinda wotakasuka, wa misewu yaitali ndi mitengo, wokomera munthu wa galimoto. Koma ambiri obwera kudzafuna ntchito anakakhala ku Kawale, Mchesi, Biwi, Chilinde, Area 23, Area 36 ndi Chinsapo, ndipo kwa onsewa njira ya minibasi imathera ku Old Town. Ichi n'chifukwa chachikulu chimene chipatalachi sichinafere. Mayi amene matenda amuyamba usiku sasankha chipatala poona kukongola kwa nyumba. Amapita kumene ndalama yake ya thiransipoti ingamufikitse.

Zaka zoyambirira za m'ma 2000 ndizo zinali zowawitsa. Pa Bottom pankabadwa ana pafupifupi 12,000 pa chaka, chonsecho mabedi a mu leba wodi anali owerengeka, ndipo amayi ena ankachirira pansi, pa pulasitiki ndi chitenje zimene abwera nazo okha. Madokotala odziwa za uchembere nthawi zambiri ankakhala awiri kapena atatu basi. Mmodzi mwa iwo, Dr Tarek Meguid, analemba ndi kulankhula poyera za mmene zinthu zinalili, ndipo ankaumirira kuti imfa za amayi osauka ndi nkhani ya ufulu wachibadwidwe. Vuto lina linali mtunda. Chipinda cha odwala mwakayakaya ndi madokotala a nthambi zina zinali ku Kamuzu Central, makilomita angapo kuchokera pa Bottom. Mayi amene akutaya magazi atangochira alibe nthawi yoti ambulansi ikadzipanikize pa mlatho wa Lilongwe.

Zimenezi zinkachitika dziko lonse lili pa moto womwewo. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2000 anaonetsa kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira, ndipo wa 2004 anapeza 984. Edzi inkapha odwala ndi owasamalira omwe. Anamwino ambiri odziwa ntchito anapita ku Britain ndi maiko ena, ena analowa m'mabungwe olipira bwino, mpaka boma ndi maiko othandiza anayambitsa ndondomeko yapadera yowonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti kuti otsalawo asathawe. Ntchito yambiri, kuphatikizapo maopaleshoni otulutsa mwana, inkagwiridwa ndi ma clinical officer ndi azamba, monga zililinso lero.

Kusintha koyamba kooneka ndi maso kunabwera kudzera pa khomo la HIV. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004 ndi thandizo la Global Fund. Bungwe la Lighthouse, limene linayambitsidwa ndi ogwira ntchito a pa chipatala chachikulu, linali litadzaza kale ndi odwala pa kiliniki yake yoyamba, ndipo kumapeto kwa 2006 linatsegula ina pa Bwaila yotchedwa Martin Preuss Centre. Malowa anawasankha mwanzeru. Odwala chifuwa chachikulu a mumzinda ankalembetsera pomwepo, ndipo masiku amenewo oposa theka la iwo analinso ndi kachilombo. Kale wodwala wotere ankayenda m'mizere iwiri m'zipatala ziwiri, pa masiku osiyana, ndipo ambiri ankatopa n'kusiya. Pa Martin Preuss mankhwala a matenda awiriwa anayamba kuperekedwa pansi pa denga limodzi, ndipo amayi a ku sikelo opezeka ndi kachilombo ankangowoloka bwalo. Kilinikiyi inakula n'kukhala imodzi mwa zopereka ma ARV kwa anthu ambiri zedi m'dziko muno.

Chifukwa cha kuchuluka kwa amayi, pa Bwaila panakhalanso malo a kafukufuku. Bungwe la UNC Project, lochokera ku yunivesite ya North Carolina ku America, linachita mumzindawu kafukufuku wotchedwa BAN, amene anaonetsa kuti mankhwala operekedwa kwa mayi kapena kwa khanda pa nthawi yoyamwitsa amachepetsa mpata woti mwana atenge kachilombo. Mu 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kutsata njira ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe ma ARV pomwepo ndipo azimwa moyo wake wonse, popanda kudikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Maiko ambiri anatengera njirayi pambuyo pake, ndipo sikelo ya pa Bwaila ndi imodzi mwa malo amene akatswiri anaonerapo ubwino ndi zovuta zake, makamaka vuto la amayi oyamba mankhwala asanakonzeke mumtima n'kusowa osabwereranso.

Nyumba zakale za uchembere zinalowedwa m'malo ndi zatsopano mu 2009. Bungwe la ku Ireland la The Rose Project linasonkhetsa ndalama zomangira chipatala cha amayi pa Bwaila pomwepo, ndipo m'nyengo yomweyo ku Kamuzu Central kunamangidwa nthambi ya uchembere ya Ethel Mutharika, ndi thandizo lochokera ku Scotland kudzera mwa Sir Tom Hunter ndi anzake. Apa m'pamene ntchito inagawidwa bwino kwa nthawi yoyamba chitsegulire chipatala chachikulu. Mayi amene pakati pake palibe chovuta amayenera kuchirira pa chipatala chaching'ono cha kwawo, monga Kawale, Area 18 kapena Area 25. Zikavuta amatumizidwa ku Bwaila, kumene kuli fiyeta, magazi ndi chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, amene ambiri amasamalidwa powagoneka pachifuwa pa mayi awo mwa njira ya kangaru. Zikafika pofuna akatswiri kapena chipinda cha odwala mwakayakaya, monga mayi wokomoka ndi kuthamanga kwa magazi, ulendo ndi wa ku Ethel Mutharika.

Pa pepala dongosololi n'lomveka, koma nyumba yatsopanoyo sinachedwe kudzaza. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi, ndipo ngakhale Pulezidenti Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010, mafumu ambiri anali atakhazikitsa kale chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa banja limene mayi wachirira kunyumba. Amayi ochirira kuchipatala m'dziko muno anali 55 pa 100 aliwonse mu 1992. Pofika pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anali 91 pa 100 aliwonse, ndipo imfa za amayi zinatsika kufika pa 439 pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo. Chipambano chimenechi chinagwera pa mapewa a azamba a m'zipatala ngati Bwaila. Amayi ambiri amadumphanso zipatala zazing'ono n'kulunjika ku Old Town, podziwa kuti zinthu zikathina opaleshoni ili pomwepo, ndipo n'kovuta kuwaimba mlandu. Chipatalachi chakhala ngati mwana wokula msanga amene telala amamusokera malaya pa muyezo wa chaka chatha.

M'kati mwa mpanda womwewo muli nyumba ina ya phee, yothandiza amayi odwala fisitula. Matendawa amabwera mayi akavutika nthawi yaitali mwana osatuluka: mutu wa mwana umafinya minofu mpaka kuboola chikhodzodzo kapena matumbo, ndipo mkodzo kapena chimbudzi zimangotuluka osaleka. Kawirikawiri mwanayo amabadwa wakufa, banja limatha, ndipo mayi amakhala zaka akubisala chifukwa cha fungo. Bungwe la Freedom from Fistula, limene anayambitsa ndi mayi wabizinesi wa ku Scotland, Ann Gloag, linatsegula malo apaderawa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Maopaleshoni ndi aulere, amayi amachokera m'zigawo zonse zitatu ngakhalenso kutsidya kwa malire, ndipo ochira ena amabwerera kwawo ngati akazembe ofufuza anzawo obisala. Malowa akuphunzitsanso madokotala a kuno ntchito imene kale inkadikira alendo obwera kwa milungu yowerengeka.

Nthambi ya matenda a m'mutu ndi imene yatsalira kwambiri pa chitukuko chonsechi. Kwa zaka zambiri ndiyo inkalandira odwala a chigawo chapakati, ndipo ofuna chithandizo cha nthawi yaitali ankatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Kunja, mzere wa odwala malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, shuga ndi kuthamanga kwa magazi umayamba kusanache, aliyense atagwira kabuku kake ka kuchipatala. Miliri nayo imafikira pomwepa. Kolera amene anabuka mu 2022 n'kufika pachimake kumayambiriro kwa 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, boma la Lilongwe linali m'gulu la okhudzidwa koposa, ndipo pa Bwaila panakhomedwa matenti a odwala pamene sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulidwa.

Funso limene mbiriyi ikulozako ndi la udindo wa chipatalachi. Maboma ambiri a m'Malawi ali ndi chipatala cha boma chokhala ndi mawodi a abambo, amayi ndi ana, chimene chimaima pakati pa zipatala zazing'ono ndi chipatala chachikulu. Lilongwe, monga Blantyre ndi Zomba, alibe chipatala chomangidwira ntchito imeneyo. Bwaila imagwira ntchitoyo pa uchembere, HIV ndi chifuwa chachikulu, koma odwala ambiri ofuna kugonekedwa pa matenda ena amakathera ku Kamuzu Central, kumene amadzaza mabedi oyenera odwala otumizidwa kuchokera m'maboma ena. Zipatala za mishoni monga Likuni, Nkhoma ndi St Gabriel's ku Namitete zimapepuza katundu, koma zambiri mwa ntchito zake n'zolipira.

Palinso nkhani ya ndalama. Pafupifupi nyumba iliyonse yatsopano pa Bwaila inamangidwa ndi chuma cha abwenzi akunja, aliyense potsata matenda amene anamukhudza mtima, n'chifukwa chake nthambi zina zili ndi zipangizo zamakono pamene zoyandikana nazo zikudalira thumba lochepa la khonsolo pa mafuta a ambulansi, magetsi ndi chakudya cha odwala. Malo omangapo nyumba zina mu mpandamo akuchepa, pakuti msika, masitolo ndi misewu zauzinga. Chifukwa cha ichi, ntchito yokulitsa chithandizo mumzindawu yayamba kulunjika ku zipatala za m'madera. Pa Area 25, mwachitsanzo, panamangidwa chidikiro cha amayi oyembekezera ndi fiyeta, kotero kuti amayi ambiri a kumpoto kwa mzinda tsopano amachitidwa opaleshoni komweko m'malo modutsa mzinda wonse kupita ku Old Town.